Kukafunira Chitoliro Maiki ku Limbe

Ndinanyamuka Lachitatu m'mawa mame asanakamuke, ukwati wa mwana wanga Tiyamike uli Loweruka lomwelo. Amake anakulunga chitoliro changa cha nsungwi m'kachitenje n'kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga, ngati nkhuku yopita kumsika.

Chibwerere kiyibodi ndi masipika ku tchalitchi kwathu, kufupi ndi Nguludi, chitoliro changa chinasanduka chongoonerera. Anthu ankangoona masaya akufufuma, mawu osawamva. Maiki yoimika pachitsulo sinkandithandiza, pakuti ine poimba ndimapendamira uku ndi uku. Choncho a Namakhwa, otsogolera kwaya, anandiuza mosapsatira: "Madala, Loweruka mungopuma. Mkwatibwi alowa ndi kiyibodi."

Zinandiwawa kwambiri. Nyimbo yolowerayo ndi imene ndinkagonetsera Tiya ali khanda, ndipo mwini wake anali atapempha kuti ndidzamuimbire ine. Tinapangana kuti ndikapeza maiki yopanira pachitoliro, n'kumveka pokonzekera nyimbo madzulo a Lachitatu lomwelo, malo anga abwerera.

Wakabaza anati wani sauzande mpaka kumsewu waukulu. Pachitunda anacheuka.

"Mwanyamula mzimbe, bambo?"

"Chitoliro."

"Aa, cha anyamata oweta ng'ombe chija? Pa msinkhu wanuwu?"

Ndinangomusiya, poti moyo wanga unali m'manja mwake. Minibasi inali thu sauzande, anayi pampando, dengu la tomato la mayi wina lili pamiyendo panga ngati ndine mwamuna wake. Tinalowa mu Limbe cha m'ma teni.

Sitolo yoyamba, mwini wake anatulutsa kabokosi konyezimira, maiki yopanda chingwe. Anaipana pakolala. "Wani-thu, wani-thu, halo!" Mawu anatuluka mbee. Kwathu kuno maiki timaiyesa motero, kuyambira pamaliro mpaka pamsonkhano: munthu akangoti halo, basi yatheka. Dzanja langa linali litalowa kale m'thumba pamene ndinafunsa polumikizira ku ampu yakutchalitchi.

"Ampu? Iyi ndi ya pafoni, bambo, ya ojambula mavidiyo."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinatuluka, ndinadya tchipisi pachiwaya ndi kabichi wambiri kuposa mbatata, n'kutsirira thobwa.

Dzuwa lili paliwombo ndinalowa m'kasitolo kena kopanikizika, ka mayi wina wamagalasi. Anandionetsa maiki yaing'ono ngati njere ya nandolo, ya kawaya kopita ku kabokosi ka batire koika m'thumba, ndi chingwe cholowa mu ampu. Naye anayamba: "Wani-thu..."

"Pepani mayi," ndinatero, "Loweruka sindikawerenga manambala ayi." Ndipo ndinamasula kachitenje.

Tinayamba ndi pakolala. Chitoliro chinamveka ngati chikulira kutsidya kwa mtsinje. Tinati tipane pansungwi penipeni, koma kopanirako kanapangidwira nsalu, ndiye pachinthu chobulungira kankangoterereka. Mayiyo anaigwirizira ndi zala pafupi ndi bowo louzirapo. Nditauzira, sipika inangoti fuuu, chiperoni weniweni, nyimbo osamveka n'komwe. Anthu amene anaima pakhomo anafa nazo kuseka. Ine ndinadziona nditakhala pabenchi Loweruka, manja lende, mwana wanga akulowa ndi makina.

"Ikumva mpweya wanu, osati chitoliro," anatero mayiyo. Anaiveka kachipewa ka siponji. Mphepo inachepa koma siinathe. Ndinayamba kuisuntha pang'onopang'ono kuichotsa panjira ya mpweya, kuitsitsira cham'mbali, ndikuuzira, ndikusuntha. Itafika pakati pa bowo la pakamwa ndi la chala choyamba, mawu anatuluka oyera, onenepa, oti sindinawamvepo chiyambire kuimba.

"Musasunthe! Nanga timange ndi chiyani?"

Maso athu anagwera pa mphira ya amake Tiya ili pansi. Tinakulunga, inagwira ndithu. Ndinaimba nyimbo yonse, ndikupendama mmene ndifunira, mawu osathawa. Kutsidya kwa msewu mayi wogulitsa nthochi anayamba kuimba nawo, wina n'kumupolokozera. Ndinalipira osanenerera kwambiri, ndinagulanso batire lapadera ndi tisiponji tiwiri, poti chinthu chaching'ono chotere sichichedwa kusowa.

Pobwerera ndinakhala kutsogolo, chitoliro pachifuwa. Ndinafika kutchalitchi dzuwa litapendeka, kwaya itayamba kale. A Namakhwa anayang'ana mphirayo, anayang'ana ine, n'kulowetsa chingwe mu ampu. Wakiyibodi anayamba mwamphamvu zake zonse, monga mwa masiku onse. Ndinatseka maso n'kuuzira.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti maiki ya chitoliro imayesedwa ndi chitoliro, ndipo wogula asachite manyazi kusekedwa m'sitolo. Koma izo ndinaziganiza pambuyo pake. Nthawi imeneyo, nditatsegula maso, ndinaona Tiya ataima pakhomo, chitenje chili chonyowa, ndowa ataisiya kumjigo kuseri kwa sukulu.

"Ababa," anatero akupukuta m'maso, "ndakumvani ndili kotunga madzi."

A Namakhwa anatsokomola, n'kutembenukira kwa wakiyibodi. "Iwe, Loweruka udzatsitse pang'ono. Mkwatibwi alowa ndi bambo ake."