Alonda athu ndi pisitolo yosatsamwa

Pageti pa nyumba zimene ndimagwirako ntchito ku Al Furjan, kuno kudziko la Aluya, pamakhala achikulire ena akwathu, amene amati kale ankasamalira mfuti za apolisi. Kuno alibe mfuti. Ali ndi tochi basi, koma amaipukuta m'mawa uliwonse ngati khanda. Chimwalirire amuna anga, ndi okhawo amene amandifunsa ngati ndadya, ngakhale moni wawo amathera pa pisitolo yolowa zipolopolo 17.

"Mayi, mfuti imeneyo sitsamwa yokha," amatero. "Imatsamwitsidwa ndi fumbi ndi ulesi wa mwini wake."

Anyamata akutchalitchi sawakhulupirira. Rodney, injiniya wochokera ku Chipata, amati achikulirewo ankangosesa kupolisiko. Lamlungu lina anawatengera kumalo ophunzirira kuwombera kuti choona chidziwike. Ine ndinatsatira poopa kuti achita manyazi.

Kumeneko anabwereka pisitolo ya mtundu womwewo. Anayamba kuwombera ndi Rodney, ndipo pa chipolopolo chachinayi mfuti inatsamwa. Achikulire anailandira, anasolola magazini ya zipolopolo, anapukuta m'kati ndi mpango, n'kudzazanso. Kenako anawombera mosalekeza mpaka kutha.

Pepala lowomberapo litabwera, linali loyera, lopanda bowo ngakhale limodzi.

"Madala, mwawombera ndani?" Rodney anafunsa akuseka.

"Zatuluka zingati?"

"Zonse."

"Khalas, nkhani yatha," anatero akupinda mpango wawo. "Ine ndinkakuuzani za mfuti, mwana wanga. Za maso anga sindinalonjezepo munthu."