Mpando Wodulidwa Miyendo

Pakati pa sitolo ya utoto ndi malo okonzera mawailesi panali kanyumba kometera ka bambo wina amene anthu ankangowatchula kuti a Lumo. Dzinali linabwera chifukwa ndevu ankameta ndi lumo lenileni, osati ndi makina. Ntchitoyi anaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo chimene ankanyadira chinali chimodzi chokha: chiyambireni anali asanatemepo munthu.

Nkoyenera kufotokoza kuti wometa amakhala tsiku lonse chigongono chili m'mwamba. Odziwa za thupi amati m'kati mwa phewa muli minyewa imene imadutsa pampata wopapatiza pansi pa fupa. Mkono ukamakwezedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, minyewayo imakhuzika ndi kutupa. Vutoli limakula munthu akapitirira zaka makumi asanu, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga. A Lumo zonsezi anali nazo, koma panthawiyo sankadziwa kuti zimayenderana.

Ululu unayamba pang'onopang'ono ku phewa lamanja. Ankaumva potenga thaulo pa msomali, kenako povala malaya. Sanauze kasitomala aliyense. Ankaganiza kuti munthu wopereka khosi lake kwa mnzake wogwira lumo safuna kumva zoti mkono wa mnzakeyo ukudwala. Mbiri yotere ikangotuluka, benchi lodikirirapo likanakhala lopanda munthu.

Amene anazindikira anali akazi awo.

"Bambo a kunyumba, mkonowu watopa. Chinthu chotopa chimafuna kupuma," anatero mayiwo.

Anang'amba nsalu yakale ya pabedi, namangirira mkonowo pachifuwa. A Lumo anatseka kanyumba kaja, nalemba pachitseko kuti apita kukaona odwala kutali. Anakhala m'nyumba milungu inayi. Akazi awo ankawasambitsa, kuwaveka, ngakhale kuwasungunulira tiyi. Akangofuna kunyamula kapu, mayiwo ankakalipa mwachikondi kuti, "Siyani! Nanga ine ndili pano chifukwa chiyani?"

Tsiku lomasula nsaluyo, mkono unakwera kufika pachifuwa, ndipo unathera pomwepo ngati chitseko chadzimbiri.

A Lumo anabwerera kuntchito, koma pamwamba pa mutu wa munthu wokhala pampando panali posafikika. Choncho anabwereka sowo kwa wokonza mawailesi, natseka chitseko, nadula miyendo inayi ya mpando wometera, mwendo uliwonse utali wa zala zinayi.

Woyamba kukhalapo anali mnzawo wakale, bambo wamtali amene anapuma pantchito yoyendetsa malole. Onse ankamutchula kuti Adalaiva, ndipo ankabwera Loweruka lililonse.

"Iii, a Lumo, kodi ndatalika ndine kapena mpandowu ukumira?"

"Chiswe, achimwene. Chinadya kunsi, ndiye ndangolinganiza."

"Chiswe chodya pa simenti? Chimenecho ndi chophunzira. Chabwino, metani. Mukafika pa dazi muzimitse makina, magetsi angathere pachabe."

Patapita miyezi iwiri mkono unatsikanso, ndipo sowo inabwerekedwa kachiwiri. Tsopano makasitomala ankakhala mawondo ali m'mwamba, ndipo m'galasi ankangoona chipumi chawo. Achinyamata anayamba kupita kwina. Apa mpamene a Lumo anavomera kupita kuchipatala, koma anasankha cha kutali, kumene sakanakumana ndi wowadziwa.

Dokotala anawajambula, nati fupa lili bwino ndipo opaleshoni siyofunika. Anawapatsa mapilitsi ochepetsa ululu ndi kutupa, nawatumiza ku chipinda chowongolera ziwalo, kumene anthu amangoti ku fiziyo. Kumeneko anapeza mayi wina wamfupi wolankhula mosapsatira. Mayiyo anagwira mkonowo, naukweza mpaka a Lumo anatuluka thukuta.

"Phewa ili lauma, bambo. Mfundo ya phewa imakutidwa ndi kathumba kofewa. Kakatupa, ndiye mkono n'kukhala osayenda, kathumbako kamakhwinyata ndi kulimba. Kodi munaumangapo?"

Akazi awo a Lumo, amene anawaperekeza, anayankha motsitsa mawu kuti, "Ndinawamanga ndine. Milungu inayi."

"Masiku awiri kapena atatu zikanakhala bwino, mayi. Milungu inayi ndiyo inatseka chitseko."

Mayi a kunyumba anangoyang'ana pansi. Kuyambira tsikulo ankati akaona amuna awo akulimbana ndi malaya, ankatuluka panja.

Chithandizo chinali chosavuta kuchimva koma chowawa kuchichita. Ankayenera kuthowa phewalo ndi nsalu yofunda, kenako kuwerama ndi kulendewetsa mkono uku akuuzunguza. Ankayenera kuyang'ana khoma ndi kukweza zala pang'onopang'ono ngati kangaude. Panalinso ndodo yokankhira mkono wodwala ndi wabwino, ndi chingwe chokoleka pachitseko. Zonsezi katatu patsiku, ndipo ku fiziyo Lachiwiri ndi Lachisanu.

"Nanga ndichira liti, mayi?"

"Mukalimbikira, mwina chaka. Ena zimawatengera ziwiri."

A Lumo anamva ngati awauza tsiku la maliro awo. Kanyumba kometera sikangadikire chaka.

Poona kuti ululu ukuwalepheretsa masewerawo, dokotala anawabaya jakisoni m'phewa momwemo. Mayi wa ku fiziyo anawachenjeza momveka: "Jakisoniyu sachiza. Angokupatsani mpata wa milungu ingapo kuti muwongole mkono popanda kulira. Mpatawo musakauthere pa mitu ya anthu."

Koma pakutha pa masiku atatu ululu unazilala, ndipo a Lumo anadzimva ngati mnyamata. Anameta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Lachiwiri litakwana, pabenchi panali anthu asanu; akanawauza kuti akupita kuti? Lachisanu zinali chimodzimodzi. Chingwe chinangokhala pachitseko, akazi awo n'kuyamba kuyanikapo mathaulo. Itatha milungu isanu ndi umodzi ululu unabwerera, ndipo mkono unali pomwe unali kale. Dokotala anakana kubayanso msanga. Anati jakisoni wobwerezabwereza amafooketsa minyewa, ndiponso woyamba uja anali atakweza shuga wawo.

Loweruka lina Adalaiva anakhala pampando paja, thovu la sopo lili kumaso. A Lumo anameta tsaya lamanzere bwinobwino. Pamene ankapita pansi pa chibwano, ululu unalasa kuchokera m'phewa mpaka m'chigongono, ndipo dzanja linadumpha lokha. Lumo linadutsa pafupi ndi khosi, osakhudza. Adalaiva anali atatsinzina, sanaone kanthu.

A Lumo anabwerera m'mbuyo. Kenako anapinda lumo, naliika patebulo.

"Bwanji, mwaiwala njira?" anafunsa Adalaiva.

"Achimwene, sikunali chiswe. Mkonowu unafa kalekale. Ndikapitiriza ndikuphani."

Adalaiva anatsegula maso, nayang'ana mnzawoyo nthawi yaitali. Anatenga lumo lija, nagwada pagalasi, namaliza okha tsaya linalo. Anadzitema pawiri.

"Mwaona? Ine ndi mikono iwiri yabwino ndadzitema. Inu ndi wakufa womwewo simunanditeme. Pitani kuchipatala, ine ndidikira. Tsitsi langa silithamanga."

A Lumo anabwereradi ku fiziyo. Mayi uja sanawanyoze. Anangolemba chizindikiro pakhoma pamene zala zawo zinafika, nati ayambirenso. Anachita masewerawo mokhulupirika miyezi itatu. Zala zinakwera, koma utali wa chikhatho chimodzi chokha. Kanyumba kaja ankatsegulabe masiku ena, n'kumameta ana ndi dzanja lamanzere, popeza ana ndi aafupi ndipo alibe ndevu. Akuluakulu ankadutsa tsidya lina la msewu, akuyang'ana mafoni awo.

Adalaiva ankabwerabe Loweruka kudzacheza, tsitsi la m'mbali likukula ngati udzu wa m'mphepete mwa msewu. Koma Loweruka lina, kunja kukutentha kwambiri, anafika atavala chisoti chaubweya chofika m'makutu. Anakhala pabenchi, nakamba za mitengo ya matayala ndi za mdzukulu wawo amene ankakwatiwa mawa lake. Thukuta linkatsika m'masaya, koma chisoticho sanavule.

Atawerama kuti amange chingwe cha nsapato, a Lumo anaona kumbuyo kwa khosi. Panali mzere watsopano, wometedwa m'mawa womwewo.

Sanakwiye. Anauyang'ana mzerewo monga mmisiri amayang'anira ntchito ya mnzake.

"Amene wakumetaniyo wakhotetsa kumanzere. Mukamuuze kuti azikuweramitsani mutu asanayambe."

"Ukwatiwu, a Lumo. Ana anandikakamiza."

"Anachita bwino. Agogo a mkwatibwi sangaoneke ngati tchire."

 Kenako a Lumo anakulunga malumo awo atatu m'thaulo, nazimitsa magetsi ngakhale kuti dzuwa linali likadali pamutu. Atatuluka panja anayang'ana loko wa pamwamba pa chitseko, amene kwa miyezi yambiri sankamufikira ndi manja onse awiri.

"Achimwene, inu ndinu wamtali. Tanditsekerani wa pamwambayo. Lero titseke maloko onse awiri."