Tsiku Limene Madzi Anakwera Masitepe

Ku Al Quoz, kudziko la Aluya kumene ndinkagwira ntchito, ndinkagona chipinda chimodzi ndi bambo ena a ku India, mmisiri wa mapaipi. Ine ndinkayendetsa lole yogawa madzi a m'mabotolo. Iwo ankangonditchula kuti "Malawi", ine n'kumawati "bhai", kutanthauza achimwene.

Tsiku lina anandionetsa chithunzi pafoni: dzenje lalikulu lomangidwa ndi miyala, masitepe akutsikira pansi mbali zonse, koma lodzaza zinyalala ndi zitsamba. Anati ndi baoli, chitsime cha makolo awo. Kale amayi ankatsika masitepewo kukatunga, n'kukhala pamthunzi kumakambirana za maukwati ndi matenda. Mipopi itabwera anthu anachitaya. Tsopano mipopiyo inali itauma.

"Akazi anga asonkhanitsa amayi anzawo, akufuna kuchifukula," anatero.

Ndinapukusa mutu. "Bhai, ntchito imeneyi ndi ya thirakitala. Ndi manja atha?"

"Suwadziwa akazi anga iwe, Malawi."

Lamulungu lililonse tikapuma, mayiwo ankaimba foni ya vidiyo. Tinkaona amayi atandanda pamasitepe akupatsirana mabeseni a dothi, bhai akuwalozera pamene panali ngalande zakale zolowetsa madzi a mvula. Amuna a m'mudzimo ankangokhala pamwamba n'kumaseka, mpaka manyazi anawagwira, ena anatsika ndi mafosholo. Chitsime chinayera, koma mvula inachedwa. Bhai ankangoyang'ana foni, tiyi akuzizirira m'kapu.

Masana ena ndikuchapa panja ndinamva kukuwa. "Malawi! Yalla, bwera!"

Ndinathamanga thovu lili m'manja. Pafonipo madzi anali atameza masitepe onse apansi. Mvula ikadagwa, ana akudumphiramo, amayi atadzaza mbali zonse ndi nsalu zawo zowala, akuimba. Akazi a bhai anatunga mtsuko wathunthu n'kudzikhuthulira pamutu, akuseka. Bhai, bambo wamkulu uja, anakhala pansi, misozi chuchuchu.

Ine ndinaimba likhweru n'kuyamba kuvina pakhonde pomwepo, ngati chitsimecho chinali cha kwathu ku Machinga. Anzathu a ku Nepal, Pakistan ndi Uganda anatuluka m'zipinda kufunsa chachitika n'chiyani, foni n'kumayenda dzanja ndi dzanja. Wina anayamba kuomba ndowa yanga yochapira ngati ng'oma.

Madzulo ake bhai anaphika mpunga wa biriyani mumphika wawo waukulu wa pachikondwerero, khonde lonse tinadya mpaka kunyambita zala. Zovala zanga ndinakazianika m'mawa mwake.