Tayala Losalala la 29

Mumsewu monse ankawatchula a Masipoko, ndipo akazi awo, omwe anali telala, akapsa mtima nawonso ankawatchula choncho. Kwa zaka makumi atatu bambowa ankakonza njinga za anthu pakhonde la sitolo. Loweruka likafika ankakwera yawo ya m'mapiri, ya magudumu aakulu a sayizi 29, n'kubwerako madzulo ali matope okhaokha.

Kenako mtima unayamba kuvuta. Adokotala anati kupalasa asaleke, koma azipalasa pang'onopang'ono, m'nyumba, pomwe pali munthu wowamva. Mwana wawo wamkazi anawatumizira chitsulo choimikapo gudumu lakumbuyo kuti lizingozungulira pamalo amodzi. Anachiika m'kachipinda ka katundu, pakati pa masutikesi ndi thebulo lositira.

Koma phokoso lake! Tayala la m'mapiri lili ndi mano, ndipo manowo akamakhula chitsulo nyumba yonse inkalira ngati chigayo. Makapu ankanjenjemera m'kabati. Mayi, ali pamakina pabalaza, sankawamva n'komwe makasitomala pafoni.

"Bambo ake, liwiro lonselo mukupita kuti? Khoma lili pompo!"

"Ndili paphiri lachitatu, mayi. Ndikubweretsereni chiyani?"

Phokoso likangoleka, mayi ankakweza mutu n'kukuwa, "Mwafika?" Ndipo m'kachipindamo munkachokera yankho la wefuwefu: "Ndafika."

Anayala kapeti pansi pa chitsulocho, kenako bulangete lakale, koma sizinathandize. Tsiku lina a Masipoko anaulula okha kuti tayala losalala silisokosa. Mayi sanadikire kuti amve kawiri. Anapita okha kusitolo n'kubwera nalo atalikoleka paphewa, akunyadira. Linali la 26.

Bambo anaseka mpaka misozi. "Telala wanji wogula osayeza?"

Mawuwo anawabaya mayi. Anabwerera nalo tsiku lomwelo n'kukatenga la 29.

"Mudzalisowa phokosoli," anatero bambo akumanga tayalalo.

"Eya, monga munthu amasowera dzino lobooka."

Lachinayi m'mawa m'nyumba munali zii. Mayi anasoka manja onse awiri a diresi akuimba, nayankha mafoni awiri, namva mawu aliwonse. Anamva kukoma ndithu, tisabise. Atawiritsa tiyi ndi pamene anakatsegula chitseko cha kachipinda. Anawapeza bambo ali pansi, mutu utatsamira sutikesi, gudumu litaima kalekale.

Adokotala sananene kuti mayi akanafulumira bambo sakanamwalira, ndipo mayi sanafunse. Akudziwa okha, ndipo zimawadya mumtima tsiku ndi tsiku, kuti likanakhala tayala la mano lija akanakweza mutu nthawi yomweyo. Iwo ndi amene analisaka losalalalo, kawiri konse, ndi miyendo yawo.

Mwana wawo anati njingayo igulitsidwe, ikungowapweteka. Mayi anakana kwamtuwagalu. Anafukula tayala lakale kuseri kwa masutikesi, nalimbana nalo masiku atatu ndi zitsulo za amuna awo, zikhadabo ziwiri n'kuthyoka, mpaka linalowa.

Masiku ano m'mawa, asanakhale pamakina, amalowa m'kachipindako. Kukwera satha, ndiye amagwada n'kuzunguza chopalasira ndi dzanja mpaka makapu ayambe kunjenjemera m'kabati. Kenako amasiya, n'kudikira gudumu liime lokha.

"Mwafika?" amafunsa.