Chaka Chimene Amayi Anaima Mzere Wina

Nsalu ya chipani ya amayi inali ndi nkhope ya mtsogoleri kanayi, ndipo luso linali pa kamangidwe. Mayi wodziwa ankaimanga kuti nkhope imodzi ikhale kutsogolo, ziwiri m'mbali, yachinayi ibisike mopindamo, kuti pokhala pansi asakhalire mtsogoleri. Amayi ndiwo ankaphunzitsa anzawo atsopano kamangidwe kameneka. Nsaluyo ankaichapa payokha, kuiyanika pamthunzi ndi kuisita ndi simbi yamakala. Komabe inkanunkha fodya, monga chilichonse m'nyumba mwathu kuyambira Januwale mpaka Epulo.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, m'mudzi mwathu kufupi ndi Chiosya. Chinali chaka cha chisankho, zipani zambiri zitabwera kale. Banja lathu lonse linali la chipani chimodzi. Amayi anali oyambitsa nyimbo pagulu la amayi a chipani. Atsibweni, mlongo wawo wamkulu wa amayi, anali wapampando wa chipani m'dera lathu, komanso ndiwo anali mwini mbumba. Abambo anali mkamwini wofatsa, ndipo pa nkhani za alongo awiriwa ankangoyang'ana kumbali n'kumasoka fodya wawo.

Upampando wa atsibweni unkaoneka ndi njinga. Inali njinga ya chipani, yopakidwa utoto wa chipani, ndipo m'mudzi monse yotero inali yokhayo. Dambo likadzaza madzi ankandikweza pakaliyala n'kundizungulitsa njira yakumtunda mpaka kusukulu. Anzanga ankandiyang'ana ndikutsika. Ndikuvomera kuti ndale zanga zonse chaka chimenecho zinkayambira pakaliyala imeneyo.

Mu Febuluwale atsibweni anabwera kuchokera kuboma n'kuitana anthu a chipani pansi pa chigafa, poti kunja kunkawaza. Masamba a fodya anali lendelende pamwamba pa mitu yawo. Anati ofuna kuimira chipani ngati phungu analipo awiri. Woyamba anali aphunzitsi, omwe anali atapuma kumene pa udindo wa mphunzitsi wamkulu pasukulu yathu. Wachiwiri anali abwana ena a bizinesi ku Lilongwe, obadwira kwathu konkuno koma ochoka ali mwana.

"Akuluakulu alankhula," anatero atsibweni. "Munthu wathu ndi abwana a ku Lilongwe."

"Ngati alankhula kale, mapulaimale ndi achiyani?" anafunsa amayi.

"Ndi mwambo, Naphiri."

Anthu anaseka, amayi sanaseke. Mlandu wawo pa abwanawo unali umodzi, ndipo ankaubwereza akusenda chimanga, akutunga madzi: munthu ameneyo sadziwa njira ya kumanda kwathu. Aphunzitsi anali atakhala pamaliro aliwonse a m'deralo. Matenanti a m'maesiteti, obwera kuchokera ku Mulanje ndi ku Phalombe, ankapita kwa iwo kukalembetsa makalata a kumudzi, ndipo ana awo ankawalandira m'kalasi ngakhale afike pakati pa teremu.

Ndifotokoze mmene mapulaimale ankachitikira m'chipani chathu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Panalibe pepala kapena bokosi. Opikisana ankaima pabwalo atatembenukira kumbali ina, anthu n'kundanda kumbuyo kwa yemwe akumufuna. Owerenga ankayenda mumzere akugwira phewa la munthu aliyense n'kumatchula nambala mokweza. Wopikisanayo sankaona omwe aima kumbuyo kwake, koma ena onse ankaona: mwamuna wako, apongozi ako, woyandikana naye munda. Pantchito yanga ya utolankhani ndaonerera mapulaimale ambiri, ndipo sindinapezebe njira ina yodanitsira abale mwachangu kuposa imeneyi.

Agavanala a chipani kuboma anali atawauza apampando onse mawu osabisa: dera limene lidzachititse chipani manyazi, wapampando wake adzabweza mpando ndi njinga. Kwa atsibweni panali china chowonjezera. Amayi akayamba kuyenda, gulu la nyimbo linkayenda nawo. Ndipo munthu wolephera kuimika mlongo wake pamzere, angaimike dera?

Kutatsala tsiku limodzi, amayi anapita kwa atsibweni masana. Ine ndinali pomwepo, ndikuthandiza kusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni wake. Amayi anagwada chapatali monga mwa masiku onse.

"Achimwene, ndabwera kudzatsanzika. Mawa ndikaima kumbuyo kwa aphunzitsi."

Atsibweni anapitiriza kusoka mpaka anamaliza mkangala umene anali nawo.

"Ndiye kuti wabwera kudzandiyalutsa."

"Ndikanafuna kukuyalutsani sindikanabwera kudzakuuzani."

Atsibweni anatenga mkangala wina. Amayi anadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, n'kumapita.

M'mawa mwake atsibweni anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Ndinali mtsikana wamtali kuposa msinkhu wanga. Akazi awo anandimanga nsalu ya chipani ndi mpango kumutu, n'kundiberekesa mwana wawo wa miyezi isanu ndi itatu. "Ukaime pakati pa mzere," anatero atsibweni. "Usakaseke, usakayankhule. Lero ndiwe mayi." Kumeneku kunali kubera chisankho, ndipo m'zaka zotsatira ndalemba mawu owawa m'nyuzipepala za anthu ochita zomwezi. Koma tsiku limenelo ndinayenda ulendo wonse wa kusukulu mutu uli m'mwamba.

Bwalo la mpira linali lonyowa, udzu ukufika m'akakolo. Agavanala anafika pagalimoto, kumbuyo kwawo malole awiri odzaza matenanti omwe anatengedwa m'maesiteti kuti adzaimire abwana. Abwanawo anavala suti ndi nsapato zosongoka zomwe zinkamira m'matope. Aphunzitsi anavala jekete yawo yakale ya masiku otsekera sukulu. Onse awiri anatembenukira kumakalasi, wezulo n'kulira.

Poyamba anthu anakhamukira kwa abwana, ine ndili pakati pawo. Kumbuyo kwa aphunzitsi kunaima madoda ochepa ndi achinyamata omwe anali ana awo asukulu. Gulu la amayi linali chiimire pansi pa mtengo wa mango. Kenako ndinamva mawu a amayi akuyambitsa nyimbo, nyimbo ya chipani yomwe ija ankaimba pamisonkhano yonse, yotamanda mtsogoleri. Anayenda akuimba, osafulumira, kudutsa kutsogolo kwa galimoto ya agavanala, mpaka kumbuyo kwa aphunzitsi. Anzawo anavomera nyimboyo asanaganize, ndipo munthu sungavomere nyimbo utaima patali ndi woyambitsa. Ena anayang'ana kaye amuna awo, koma anapita. Atatero, matenanti anayamba kuchoka mumzere mwathu awiriawiri, maso pansi.

Mizere iwiriyo inatalikirana mapazi ochepa. Amayi anandiona. Anayang'ana mpango, nsalu, ndi mwana kumsana. Ndinadikira kuti andikokere kunja pamaso pa anthu onse.

"Mwanayo mutu wapendekeka," anatero. "Umukweze."

Atsibweni anali mmodzi mwa owerenga. Anayamba ndi mzere wathu, ndipo dzanja lawo litagwira phewa langa anati, "Eyite-wani," osandiyang'ana. Nambala imeneyo sindinaiiwale. Atapita kumzere wa aphunzitsi anagwiranso phewa la amayi, kutchula nambala mokweza chimodzimodzi, n'kupitirira. Mzerewo unali utadutsa pagolo n'kukhotera kuzimbudzi za sukulu. Asanafike kumapeto, galimoto ya agavanala inaliza hutala. Agavanalawo anati kukubwera mvula, zotsatira zidzalengezedwa kuchokera kuboma. Kumwamba kunali mbee. Patapita masiku awiri wailesi inanena kuti abwana a ku Lilongwe apambana.

Njinga anadzaitenga anyamata awiri a chipani sabata yotsatira. Atsibweni anawauza kuti adikire. Anatenga sipanala n'kumasula belu ndi pampu, zomwe anagula okha, kenako anapukuta chishalo ndi mkono wa malaya n'kuwapatsa njingayo. Kuyambira tsiku limenelo popita kumunda ankadzera kudambo kuti asadutse pakhomo pathu. Ine ndinayamba kuwoloka damboli wapansi, madzi m'mawondo, makope pamutu, ndipo mlandu wonse ndinauika pa amayi.

Aphunzitsi analengeza kuti aima paokha, opanda chipani. Anthu awo anabwera kwathu Lamlungu lina pochokera kutchalitchi kudzapempha amayi kuti akawaimbire. Aliyense ankayesa kuti avomera. Amayi anawapatsa mphasa, kuwawotchera chimanga, n'kukana.

"Zanga ndinanena pamzere, dzuwa likuswa mtengo. Chipani chinamva. Sindinanene kuti ndikutuluka."

Ndipo anaimbadi pamisonkhano yonse ya abwana mpaka kampeni inatha. A mbali ya aphunzitsi anawatcha nthirakuwiri. A mbali ya abwana ankasiya kuyankhula amayi akafika, ndipo nsalu zatsopano zitabwera iwo anawadumpha. Atsibweni nawo sanaphonye msonkhano ngakhale umodzi. Kale ankakhala pampando kutsogolo, tsopano ankakhala pansi kumbuyo pamodzi ndi ife ana, akuwomba m'manja pamene ena awomba. Miyezi itatu inatha alongo awiriwa akuonana pamisonkhano yomweyo popanda moni.

Chisankho chachikulu chinafika mtedza titakumba, kukuzizira. M'mawa wa tsikulo tinamva odi pakhomo. Anali atsibweni, atavala chikhoti chawo chachikulu.

"Naphiri, tiye. Mzere ukula."

Amayi anadzuka pomwepo. Anatenga chiphaso chawo chovotera n'kutsatira, iwo kumbuyo, atsibweni kutsogolo, monga ankayendera kupita kumaliro. Uku kunali kuvota kobisika, munthu yekha kuseri kwa katoni ndi pepala lake. Mpando wa uphungu anadzautenga abwana a ku Lilongwe.

Zimene aliyense anachonga ndinazidziwa patapita zaka zambiri, ndili kale pantchito. Atsibweni anali atakalamba, ndipo anandiuza okha popanda kuwafunsa: anavotera aphunzitsi. Anati mzere uja anauwerenga ndi dzanja lawo, ndipo ankadziwa pamene nambala ikanathera. Nditafunsa amayi anadabwa kuti funso lotero lingafunsidwe n'komwe. Iwo anavotera abwana, munthu wa chipani, yemwe sankadziwa njira ya kumanda kwathu.

Koma masana a tsiku lovotalo sindinkadziwa chilichonse cha zimenezi. Atabwerako anakhala pabwalo pathu kuthothola mtedza m'dengu limodzi, aliyense chala chili ndi inki. Anakamba za chiswe chomwe chinalowa m'nkhokwe, ndi za mbuzi ya abambo yotsimphina. Ndinawafunsa kuti avotera yani, ndipo atsibweni anandiponyera khoko la mtedza n'kunena kuti mwana wa eyite-wani anavota kale. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine sindinaone choseketsa, ndipo funso langa ndinaliona lopanda ntchito. Ndinali nditawaona ndi maso anga pabwalo la sukulu, aliyense kumbali yake, ndipo ndinali wotsimikiza kuti ndikudziwa bwino lomwe pamene aliyense wachonga.