Chikuto cha Ukwati wa Mlongo Wanga

Linali Loweruka, pa 14 Juni, nthawi itangokwana 3 koloko masana, pamene kompyuta yanga yakale inayamba kutumiza mavidiyo m'mafoni a m'nyumba mwathu. Ndi laputopu yosweka sikirini imene ndinagula ku Madisi. Ndinaiika pamwamba pa kabati, pafupi ndi batire ya sola, n'kulowetsamo pulogalamu yaulere imene anthu amailemba mothandizana. Ntchito yake ndi kusunga nyimbo ndi mavidiyo, kuti aliyense wolumikiza pa wayifayi ya m'nyumba aonere popanda bandulo. Ndinalimbana nayo milungu itatu. Itatheka, ndinazungulira pakhomo ponse foni ili m'manja, mpaka kuchigafa cha fodya, wayifayi osaduka!

Chimene ndinkafunitsitsa chinali chimodzi. Vidiyo ya ukwati wa mlongo wanga ndi yokhayo imene malemu bambo athu amaonekamo akuyenda ndi kulankhula. Chimbale chake chinali chokandikakandika. Chinalola kukopedwa kamodzi kokha, ndipo sichinasewerenso.

Tsikulo mlongo wangayo anali atabwera pa kabaza kuchokera ku Malomo. Ndinamupatsa foni monyadira. Atayang'ana, nkhope inasintha.

"Achimwene, azungu akupsompsonanawa ndi ndani? Ine ndinakwatiwa ndi ameneyu?"

Ndinasuzumira. Pamalo pa ukwati wake panali chikuto cha filimu yakunja.

"Mwawafufuta bambo," anatero. "Fomu folo yanu ija yakunamizani."

Kenako ndinakumbukira kuti dzulo lake ndinalumikiza kompyuta ija pa intaneti kwa kanthawi, ndipo vidiyoyo ndinali nditaipatsa dzina la Chingerezi lotanthauza ukwati. Pulogalamu ija inakafufuza dzinalo n'kutola chikuto cha eni ake.

"Tadinani pa azungupo, achemwali."

Anadina. Kunamveka nthungululu, kenako bambo anatulukira atavala jekete yobwereka ya mikono yaifupi, akuvina cham'mbali ngati akuopa kuponda mbewu. Mlongo wanga anakuwa kuitana alamu ake, mkazi wanga, kukhitchini. Tinaibwereza kanayi, aliyense pa foni yake, bambo akuvina m'manja mwathu tonse atatu.

M'mawa mwake, tisanapite ku tchalitchi, ndinailetsa pulogalamu ija kufufuza zikuto. Pamalo pa azungu aja ndinaikapo chithunzi cha bambo ndi jekete yawo. Vidiyoyo ndinaikopera pa memole khadi ziwiri. Ina inapita ku Malomo, ina ndinaiika m'Baibulo.