Kugogoda kwa a Nambala Wani

Pakampani ya mlamu wawo ankawatchula a Nambala Wani, osati chifukwa cha luso, koma poti pamene kampaniyo inkayamba dalaivala anali okhawo. Galimoto nayo inali imodzi, yakuda, yogula kwa munthu amene anali atatopa nayo. Mlamuyo ankakhala pakhonde ndi foni kulandira makasitomala, iwo n'kuvala chipewa ndi jekete kukanyamula mabwana kubwalo la ndege, kumahotela ndi kumisonkhano kumene anthu amakagwirizana tsiku la msonkhano wina.

Galimotoyo inali ndi nthenda imodzi. Chitseko cha kumbuyo sichinkatseguka pokhapokha utachimenya kawiri ndi chikhatho pamwamba pa chogwirira. Ndiye a Nambala Wani ankatsika, kuzungulira, phaa phaa, n'kuwerama pang'ono kumvetsera ngati loko wagonja. Mabwana ankati ndi ulemu, kupatula mayi wina, dokotala wa mano, amene ulendo uliwonse ankati, "Koma bambo, kakonzetseni chitsekochi."

Kenako kampani inakula. Kunabwera anthu a masuti ochokera kunja, ofesi inachoka pakhonde n'kukwera m'nyumba yosanja ya magalasi, nthambi zinatsegulidwa m'mayiko amene a Nambala Wani ankangowamvera pawailesi. Mlamu anasanduka munthu womuonera pachithunzi. Galimoto yakale inapita kwa ophwasula, chikhatho n'kupuma. A Nambala Wani anatumizidwa kutali ndi likulu, kukayendetsa bwana wa fakitale ya simenti, ndipo kumeneko imvi zinawapeza akutsegula zitseko ngati munthu wina aliyense.

Tsiku lina kunabwera lamulo: madalaivala onse apite kulikulu akayesedwe ngati akufika pa muyezo wa mayiko onse. Wolephera abweze makiyi. A Nambala Wani sanade nkhawa ndi mayesowo, ngakhale ankadziwa kuti pamsinkhu wawo makiyi akachoka m'thumba sabwereranso.

Atalowa pageti anaima chilili. Pabwalo panali mizere ya magalimoto onyezimira, pambali pa iliyonse dalaivala wovala magolovesi oyera. Wina analiza wezulo. Phaa phaa! Onse pamodzi pazitseko, kenako n'kuwerama.

"Mayo ine!" anatero a Nambala Wani. "Magalimoto atsopano onsewa, maloko afa kale?"

Dalaivala wina amene ankadikira nawo anaseka. "Madala, mwachokera kuphanga liti? Uku ndi Kugogoda kwa Ulemu, chizindikiro cha kampani. Panopa ngakhale kutsidya la nyanja akugogoda."

A Nambala Wani anakalowa pamzere wa mayeso. Nthawi yawo itakwana, mayi woyesa anakhala kumbuyo, iwo n'kuyendetsa mosalala moti madzi a m'botolo la mayiyo sanagwedezeke. Anaima, anatsika, anatsegula chitseko.

"Kuyendetsa mumatha, bambo," anatero mayiyo, "koma mwatsegula ngati mukutsegulira mbuzi. Makiyi."

"Mayi, kugogodako ndinayambitsa ndine. Linali loko lakufa!"

"Za mbiri ya kampani zili ndi dipatimenti ina. Ine ndine wa zitseko."

Anabwerera kunyumba thumba lili pepuu. Akazi awo, amene ndiwo mlongo wake wa mwini kampani, anamvetsera manja ali m'chiuno, n'kuimba foni. Inadutsa kwa mlembi, kwa mlembi wa mlembi, mpaka mawu a mlamu anamveka.

"Alamu, tsitsani mawu," anatero mlamuyo atamva nkhaniyo. "Kugogoda kuja kuli pazikwangwani m'mabwalo a ndege. Maloya analembetsa kugogodako kuboma kuti wina asatibere. Ndiye ndikauze anthu a masuti kuti linali loko?"

"Nanga makiyi anga?"

"Ine za mayeso sindilowerera, tili ndi ndondomeko. Pali maphunziro a olephera. Mupereke moni kwa ana."

A Nambala Wani anakhala pampando akuyang'ana chikhatho chawo ngati chobwereka.

"Pitani, bambo a ana," anatero akazi awo. "Anzanu amapita kusukulu kukaphunzira zomwe sadziwa. Inu mwachita mwayi, mukaphunzira zanu zomwe. Kapena mufuna muzikhala pano kumandiwerengera mbale?"

Anapita. M'chipinda chophunziriramo munali chitseko cha galimoto chokhomedwa pachitsulo, chopanda galimoto. Mphunzitsi anafotokoza kuti kugogoda koyamba kumatanthauza "tafika", kwachiwiri "ndife anu". A Nambala Wani anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene aseke. Onse ankagwedeza mitu. Itafika nthawi yawo anachimenya monga ankachitira kale, chitsulo n'kunjenjemera.

"Simukumenya mbala, madala! Ndi nsonga za zala. Komanso mukuwerama ngati mukumvetsera kanthu. Onani mmene ndikuchitira ine."

Anaona, anatengera, anayesedwanso. Anakhoza, koma kumchira. Anapatsidwa makiyi, magolovesi ndi baji ya oyamba kumene.

Ulendo wawo woyamba unali wokatenga munthu kuchipatala cha mano. Pakhomo anatulukira mayi wa imvi ndi ndodo, dokotala uja wa masiku a pakhonde. A Nambala Wani anazungulira galimoto, anawongola magolovesi, nagogoda kawiri ndi nsonga za zala.

Dokotalayo anatsitsa magalasi, kukamwa kuli yasa.

"Kalanga ine! Mwafika mpaka kumayiko akunja, koma chitseko chija simunakonzebe?"

A Nambala Wani anakhudza makiyi m'thumba. Anayang'ana baji yawo, anayang'ana kamera yaing'ono imene kampani inamata pagalasi lakutsogolo. Kenako anawerama monga anaphunzitsidwira.

"Nkhaniyo ili ndi dipatimenti ina, adokotala. Lowani."